Kulira kwa VTEC m'magemu: Gran Turismo 7, Forza Horizon 5 kapena Assetto Corsa?

Ma Sienta onyamula anthu pakati pa tauni ya Mzuzu ndi Luwinga ali ndi VVT-i, ma Honda Fit ambiri ali ndi i-VTEC, koma simudzamva injini zawo zikusintha mawu pakati pa ulendo. Nkhani ya magemu iyambire pamenepa, chifukwa ambiri tikamatsutsana timasakaniza zinthu ziwiri. VVT-i ya Toyota imangosuntha nthawi imene mavalavu amatsegukira, pang'onopang'ono, khutu osazindikira. VTEC imene anyamata amaifuna ndi ina: camshaft, ndodo yachitsulo imene imatsegula mavalavu, imakhala ndi mano amitundu iwiri, ndipo injini ikafika pa rpm inayake (rpm ndi maulendo amene injini imazungulira pa mphindi imodzi) oyilo amakankha kachitsulo kamene kamalumikiza dzino lalikulu, mavalavu n'kuyamba kutseguka kwambiri komanso kwa nthawi yotalikirapo. Honda anaitulutsa mu 1989 pa Integra ya injini ya B16A, ya malita 1.6 koma yotulutsa 160 PS (PS ndi muyezo wa mphamvu ya injini). Toyota nayo ili ndi yake yotere, VVTL-i, imene inabwera pa Celica ya 1999.

Magemu atatu onsewa alibe camshaft m'kati mwake. Chimene chilipo ndi mndandanda wa manambala wonena mphamvu ya injini pa rpm iliyonse, kenako mawu amene anajambulidwa pa galimoto yeniyeni n'kumaikidwa pamwamba. Ndiye funso ndi lakuti, kodi manambalawo ndi mawuwo amasinthira pamalo amodzi? Ndipo ukasintha giya msanga, rpm n'kugwera pansi pa malirewo, galimoto imafookadi kapena mawu okha ndi amene amasintha?

Gran Turismo 7, ya Polyphony Digital, inatuluka mu 2022 pa PS4 ndi PS5. Amene tinasewera Gran Turismo 4 pa PS2 tikukumbuka kuti injini zonse zinkangolira ngati chigayo chamagetsi, kaya ndi Civic kaya ndi Skyline. Zimenezo zinatha. Pa Honda, gemuyi ndi imene ili ndi nkhokwe: Civic Type R ya EK imene injini yake imapereka 185 PS pa 8,200 rpm, Integra Type R ya DC2, ndi S2000 ya 1999 imene imazungulira mpaka 9,000 rpm. Tengani Civic imeneyi pa Tsukuba, msewu wa mipikisano wa ku Japan, mutuluke pakona muli mu giya yachitatu pamalo ofunika yachiwiri. Galimoto imazengereza, mumachita kuidikira, kenako mawu amauma n'kuyamba kuthamanga. Apa ndi pamene ndimaipatsira ulemu gemuyi: imakulanga ukasankha giya molakwika, monga injini yaing'ono yopanda turbo iyenera kuchitira. Komanso pa tsamba lokonzera galimoto pali chithunzi cha mphamvu ndi rpm, moti ukhoza kufupikitsa magiya kuti ukasintha usamagwere pansi. Vuto lake kwa ife kuno ndi lodziwika. Mbali yaikulu ya gemuyi imafuna intaneti nthawi zonse, ndipo netiweki ikagwa ku Chibavi kapena ku Zolozolo umatsala ndi mipikisano yochepa chabe.

Forza Horizon 5 ya 2021 ndi ya makutu. A Playground Games anajambulanso magalimoto ambiri, ndipo ukasintha ekizosi kapena polowera mpweya mawu amasintha uli m'galaja momwemo. Ndi mahedifoni abwino, Civic Type R ya 1997 imakoma, makamaka ukadutsa pansi pa mlatho. Koma misewu ya Mexico ya m'gemuyi ndi yotakata, ndipo pasanathe mphindi khumi munthu amakhala waikamo turbo kapena injini ina. Turbo ikalowa, kankhani konse ka VTEC kamamira. Ngati mukufunadi kuona, siyani galimoto mmene inabwerera, muzimitse zosintha giya zokha, mutsegule tsamba la telemetry limene limaonetsa mphamvu pamene mukuyendetsa. Dziwaninso kuti gemuyi imadya malo opitirira 100 GB. Amene amagula bandulo ya pa sabata amvetsa.

Assetto Corsa ya 2014, ya Kunos Simulazioni a ku Italy, ndi nkhani ina. Honda mulibemo mu gemu yogula. Ma Civic ndi ma Integra onse amene mumawaona ndi ma mod, kutanthauza zowonjezera zopangidwa ndi osewera, ndiye ubwino wake umadalira amene anapanga. Ena anachita mosamala, ena anangotenga thupi la Civic n'kuliveka mawu a galimoto ina. Chokoma n'chakuti pa ma mod ambiri zinthu zili poyera. Mphamvu ya injini ili mu kafayilo kotchedwa power.lut, mzere uliwonse rpm ndi nambala yake, ndipo mawu amapangidwa ndi pulogalamu ya FMOD. Mukatsegula kafayiloko mumaona nokha ngati wopangayo ananama. Ena amakokomeza: amaika mphamvu yodumpha kwambiri pa 5,500 kapena 6,000 rpm kuti osewera akuwe. Pa Honda yeniyeni kudumphako n'kochepa. Chachikulu ndi chakuti mphamvu siigwa pamene injini wamba ikanatopa, ndipo phokoso ndi limene limapusitsa thupi. Gemuyi imayendanso pa laputopu yapakatikati, ngati za ophunzira ambiri a pa Mzuni, popanda intaneti.

Pali ziwiri zina zimene si za mpikisano kwenikweni koma makaniko aliyense wa ku Luwinga angazikonde. Mu Automation, ya Camshaft Software a ku New Zealand, umamanga injini wekha, kusankha VVT yokha (yosuntha nthawi ya mavalavu, ngati VVT-i) kapena kuwonjezera VVL (yotsegula mavalavu kwambiri, ngati VTEC), n'kuona mmene mzere wa mphamvu ukupindikira. Ukamaliza galimotoyo umakaiyendetsa mu gemu ina yotchedwa BeamNG.drive. Engine Simulator ya AngeTheGreat, imene inatchuka mu 2022, ndiye siigwiritsa ntchito mawu ojambulidwa n'komwe. Imawerengera mpweya wodutsa m'mavalavu ndi mu ekizosi, mawu n'kubadwira pamenepo, ndipo ili ndi injini ya VTEC imene kusintha kwake kumachokeradi ku camshaft. Kungoti mulibe msewu.

Ndiye achimwene, ngati muli ndi PS4 ndi intaneti yodalirika, tengani Gran Turismo 7, palibe yoiposa pa Honda. Wa laputopu atenge Assetto Corsa, koma asakhulupirire mod iliyonse asanatsegule power.lut. Forza ndingaitenge pa zifukwa zina, osati ichi. Ndipo pa zonsezi chiwongolero chodula sichofunika msanga. Yambani mwagula mahedifoni, chifukwa masipika a TV amameza mawu a polowera mpweya, amene ndi theka la VTEC.