Prednisolone, methotrexate ndi anzake: zomwe zala zanga zaphunzira

Ndimasoka zovala ku Kamwala mu Lusaka, ndiye zala ndi khasu langa. Chaka chimene nyamakazi inandigwira, m'mawa ndinkakhala m'mphepete mwa bedi mpaka maola awiri, manja ali gwa, osatha ngakhale kumanga chitenje. Ulusi pasingano ankandilowetsera ndi mwana. Mfundo za zala zinkatupa mofanana kumanja ndi kumanzere, ndipo adokotala atayeza magazi anati iyi si nyamakazi ya ukalamba, ndi rheumatoid arthritis, ija imene chitetezo cha m'thupi chimaukira mfundo za mwini wake. Kuyambira pamenepo ndamwa mitundu ingapo ya mankhwala, ina ndaionera kwa anzanga amene timakumana pabenchi ku chipatala chachikulu cha UTH. Ndiiyala pano monga ndimayalira nsalu kwa kasitomala, koma wodula ndi dokotala wanu, osati ine.

Tonse timayambira pa Brufen, diclofenac kapena Indocid, chifukwa kemisiti iliyonse ya mu komboni ili nawo. Ululu amachepetsadi, kutupanso pang'ono. Koma matendawo sawaletsa. Amapitiriza kudya fupa ngati chiswe mu mtanda wa denga, kunja kukuoneka bwinobwino, ndipo kudyekako kumatha kuyamba m'zaka ziwiri zoyambirira. Ukawamwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi amabweretsa zilonda zam'mimba, amavutitsa impso ndi kukweza BP. Ine anandisiyira kutentha pamtima kumene mpaka lero sikufuna thobwa lowawasa.

Prednisolone ndiye wonyenga weniweni, ndipo ndimamukonda ndi kumuopa nthawi imodzi. Timapiritsi ta 5 mg, totchipa, koma patsiku lachitatu manja anga anatseguka, ndinasoka mayunifomu a sukulu mpaka usiku. Sindine woyamba kukomedwa. Mu 1948 ku Mayo Clinic, ku America, mayi wina amene nyamakazi yomweyi inamugoneka anapatsidwa cortisone, kholo la mankhwala amenewa, ndipo patangopita masiku anayamba kuyenda. Dokotala wake, Philip Hench, analandira nawo mphoto ya Nobel mu 1950. Zoipa zake zinaonekera pambuyo, monganso zinaonekera kwa ine. Adokotala anandipatsa wa masabata ochepa, koma ine ndinapitiriza kugula ndekha kupitirira chaka. Nkhope inakhala ngati mwezi, amayi a kutchalitchi n'kumati, "Amake mwana, zikukuyenderani, mwanenepa bwino!" Osadziwa kuti shuga wakwera. Mankhwalawa amafewetsanso mafupa, amakweza BP, amabweretsa ng'ala m'maso, ndipo choipitsitsa n'chakuti sungawasiye tsiku limodzi. Thupi limakhala litaleka kupanga ake achilengedwe, ndiye ukasiya mwadzidzidzi ukhoza kukomoka. Amatsitsidwa pang'onopang'ono, dokotala akuwerengera. Ntchito yake yoyenera ndi kukuolotsa pamene ukudikira mankhwala ochedwa, monga methotrexate, kuti agwire. Ndipo mabotolo opanda dzina ogulitsidwa m'basi aja, amene amachotsa ululu usiku umodzi, ndimawakayikira, chifukwa m'mayiko ambiri mankhwala otchedwa azitsamba a nyamakazi apezekapo atasakanizidwa ndi mankhwala a mtundu womwewu.

Methotrexate ndi wosiyana m'zonse. Sathamanga. Pamatenga masabata 6 mpaka 12 kuti uone kusintha, ndipo ambiri amamutaya pa sabata yachinayi akuti sakugwira. Chonsecho ndi iyeyu amene amaletsa chiswe chija, n'chifukwa chake madokotala amayambira pa iye. Amamwedwa kamodzi pa sabata. Ndibwereze: kamodzi pa sabata, osati tsiku lililonse. Anthu amwalirapo chifukwa chosokoneza pamenepa. Piritsi limodzi ndi 2.5 mg, ndipo mlingo umakhala pakati pa 7.5 mg ndi 25 mg. Ine ndimamwa mapiritsi 6 Loweruka usiku, kuti mseru ndi kutopa zindipeze Lamulungu pamene makina ali phee. Folic acid ndimamwa tsiku lina, ndipo amachepetsadi mseru ndi zilonda zam'kamwa. Pa kalendala ya kukhitchini ndimazunguliza Loweruka lililonse ndi choko chosokera.

Mtengo weniweni wa methotrexate suli pa piritsi, uli pa magazi. Poyamba amakuyeza pafupipafupi, kenako miyezi iwiri kapena itatu iliyonse, kuona chiwindi, impso ndi kuchuluka kwa maselo a magazi. Amene ali pa NHIMA, inshuwalansi ya boma ya zaumoyo, afunse zimene khadi lawo limalipira, chifukwa kuyezetsa ku labu ya pulayiveti kangapo pachaka kumadya phindu la madiresi angapo. Mowa ndi iye sagwirizana, onse awiri amalemetsa chiwindi. Asanakuyambitse amayeza hepatitis B ndi HIV, nthawi zambiri ndi chifuwa chomwe. Mimba ndiye ayi ndithu: amawononga mwana wosabadwa, ndipo mayi wofuna kubereka ayenera kugwirizana ndi dokotala kuti asiye miyezi ingapo asanatenge pakati.

Koma chimene ndikufuna mukumbukire kwambiri kuno kwathu ndi Septrin. Septrin ndi methotrexate akakumana amatha kupondereza mafuta a m'mafupa mpaka thupi kuleka kupanga magazi. Ndipo Septrin ali paliponse: amapatsidwa pa matenda a mkodzo, pa chifuwa, ndipo anthu ambiri amene ali pa ma ARV amamwa tsiku lililonse. Tsiku lina pa kiliniki ina anandilembera ameneyu chifukwa cha mkodzo wotentha, inenso sindinanene zimene ndimamwa. Anandipulumutsa ndi mtsikana wa pa kemisiti amene amandigulitsa methotrexate. Anayang'ana pepalalo, n'kuti, "Amayi, bwererani mukawauze kaye." Kuyambira tsiku limenelo ndimayenda ndi kapepala m'chikwama. Ukamva kutentha thupi, zilonda zambiri m'kamwa, kapena chifuwa chouma ndi befu, usadikire Loweruka lina, pita kuchipatala.

Hydroxychloroquine ndi wofatsa. Ndi m'bale wa chloroquine uja tinkamwa pa malungo Coartem asanabwere, wowawa uja. Payekha ndi wofooka, amakwanira pa nyamakazi yopepuka basi, ndipo amachedwa kuposa methotrexate, miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Ubwino wake ndi wakuti safuna kuyezetsa magazi pafupipafupi, ndiponso mayi woyembekezera kapena woyamwitsa amatha kupitiriza kumwa. Chowopsa chake chili m'maso. Mlingo suyenera kupitirira 5 mg pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku, ndiye mayi wa makilogalamu 50 sayenera kungomwa 400 mg chifukwa mnzake wamkulu thupi akumwa choncho. Maso ayezedwe poyamba, ndipo ukakwanitsa zaka 5 ukumwa uziyezetsa chaka ndi chaka. Mu 2020 anasowa m'mayiko ambiri pamene anthu anamuthamangira poganiza kuti amachiza Covid, zimene zinapezeka kuti si zoona.

Sulfasalazine sindinakhale naye nthawi yaitali. Mapiritsi ake a 500 mg ndi aakulu, achikasu, ndipo amakwezedwa pang'onopang'ono mpaka anayi patsiku, ena kuposa. Mkodzo umasanduka ngati Fanta, musadabwe. Ine mutu ndi mseru zinandigonjetsa, koma mnzanga wina wa ku Chilenje anabereka naye ana awiri bwinobwino, chifukwa nayenso amaloledwa pa mimba. Kwa abambo amachepetsa mbewu, koma zimabwerera akasiya. Amene Fansidar kapena Septrin anawatulutsapo zidzolo anene msanga, chifukwa onsewa ndi a banja la sulfa. Methotrexate yekha akalephera, madokotala amatha kuphatikiza atatuwa pamodzi, ndipo kwa odwala ambiri zotsatira zake siziri kutali ndi za majakisoni odula. Leflunomide mphamvu zake n'zofanana ndi methotrexate, koma amakhalitsa m'thupi mpaka zaka 2 utasiya, ndiye mtsikana amene sanamalize kubereka aganize kawiri.

Majakisoni aja, adalimumab wa masabata awiri aliwonse ndi etanercept wa sabata iliyonse, sindinabayidwepo, thumba silinalole. Amagwiradi ntchito kwa amene mapiritsi awalephera. Koma kuwonjezera pa mtengo pali zinthu ziwiri zimene munthu wa mu Lusaka ayenera kuziyeza. Choyamba ndi TB: mankhwalawa amadzutsa TB yogona m'thupi, ndipo kuno ambirife tinakumana nayo kale osadziwa, choncho amayamba akuyeza, mwinanso kukupatsa mankhwala oteteza. Chachiwiri ndi filiji. Amafuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8. Mukukumbukira 2024, madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, magetsi akubwera pakati pa usiku n'kuchoka tambala asanalire? Nyama inkaola m'filiji, nanga jakisoni wa ndalama zonsezo? Tofacitinib ndi piritsi, safuna filiji, koma nayenso ndi wodula, amafuna kuyeza TB, ndipo amawonjezera mwayi wa mashingozi ndi kuundana kwa magazi.

Panopa ndili pa methotrexate ndi hydroxychloroquine. Prednisolone ndinatsika naye miyezi isanu ndi iwiri, theka la piritsi nthawi imodzi, ndipo mwezi uliwonse wotsitsa mawondo ankandinyengerera kuti ndibwerere. Brufen ndimasungira masiku oipa a mu June ndi July, osati Loweruka, tsiku la methotrexate. Kuuma kwa m'mawa kwatsala mphindi khumi, ulusi ndimalowetsa ndekha. Zala ziwiri za kumanja zimene zinapindika m'chaka chimene ndinkadalira Brufen sizinawongokenso, ndiye sizasi ndimagwira ndi chala chachikulu ndi chapakati, ndipo nsalu yolimba ngati jinzi amandidulira ndi mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito.