Garaja ya ku Biwi yomwe inadzutsa Hilux yanga lamba wa tayimingi ataduka

Ndikuwapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Pa injini ntchito anaigwira bwino, koma pa kusunga tsiku ndi kuyankha foni akadali kutali.

Galimoto yangayo ndi Toyota Hilux yakale ya injini ya dizilo ya 3L, ija ya 2.8, yomwe ndimanyamulira soya ndi mtedza. Inazima yokha ili paliwiro mumsewu wa M1 chakufupi ndi Nathenje. Kunangomveka kugogoda kamodzi kutsogoloku, basi zii. Nditaimbira mkulu wa garajayi, mawu ake oyamba anali akuti, "Bwana, musalizenso sitata, ingoikokani ibwere." Anali ndi chifukwa. Pa injini ya dizilo pisitoni imakwera mpaka kutsala pang'ono kukhudza hedi, mutu wa injini momwe mumakhala mavalavu. Lamba wa tayimingi ndi amene amazunguza kamushafuti, chitsulo chotsegula ndi kutseka mavalavu. Akaduka, kamushafuti imaima mavalavu ena ali chitsekulire, pomwe mapisitoni akukwerabe, ndiye zimawombana. Kulizaliza sitata kumangoonjezera mabala.

Atachotsa chivundikiro cha kutsogolo anandiitana kuti ndidzaone ndekha. Lamba sanali wakale kwenikweni, zolemba zake zinkaonekabe. Chomwe chinamupha ndi beringi ya tenshona (pule yokunga lambayo), yomwe inali itauma mpaka kugwira. Zikuoneka kuti amene anasintha lamba galimotoyi ndisanaigule anasiya mapule akale, nkungozimitsa nyali ya T-BELT yomwe imayaka pa makilomita 100,000. Ndi matenda a ambiri muno. Lamba ndi wotchipa poyerekeza ndi mapule ake, ndiye anthu amagula lamba yekha.

Chomwe ndawatamandira kwambiri ndi chakuti sanachite zongoika lamba wina nkuyesa mwayi. Anatsitsa hedi. Mwa mavalavu asanu ndi atatu, atatu anali opindika. Imodzi ndinkaikayikira chifukwa ndi maso inkaoneka yowongoka, koma mnyamata wawo anaigubuduza pa galasi, mutu wake nkumayenda chopendekera ngati tayala lopindika limu. Hedi anaitumiza ku injiniyaringi kuti akaiyeze ngati ili ndi ming'alu, anaipala pang'ono, nkusintha magayidi a mavalavu omwe anagundidwawo. Kamushafuti inapulumuka, zomwe ndi mwayi chifukwa pa madizilo otere nthawi zina imathyoka.

Pamwamba pa mapisitoni awiri panali zipsera za mavalavu. Apa mkuluyo sanadalire maso. Anayeza ndi geji mmene pisitoni iliyonse ikutulukira pamwamba pa buloko, ati ina ikatsalira m'munsi ndiye kuti konirodi yake, chitsulo cholumikiza pisitoni ku kirankishafuti, yapindika. Zonse zinafanana, choncho m'munsi mwa injini sanatsegulemo, ndalama zanga zinapuma. Muyeso womwewo ndi womwe anasankhira gasiketi, popeza magasiketi a 3L amabwera okhuthala mosiyanasiyana. Mabawuti a hedi anamanga ndi sipanala yoyezera mphamvu, kenako nkuwapotozanso madigiri 90 kawiri. Ambirife tinazolowera kuona makaniko akungokoka ndi paipi mpaka thukuta.

Lamba yemweyu pa 3L amayendetsanso pampu ya dizilo, ndiye zizindikiro zoti zigwirizane ndi zitatu: pa kirankishafuti, pa kamushafuti ndi pa pampu. Atamanga zonse anazunguza injini ndi dzanja maulendo awiri athunthu, nkuonanso zizindikiro, asanakhudze kiyi. Anaika tenshona yatsopano, pule inayo, ndi masilu a oyilo a kutsogolo omwe anali atayamba kale kunyowa.

Tsopano zondikwiyitsa. Tsiku lomwe anandilonjeza linadutsa, lina linadutsanso, ndipo ndinali ine woimba foni nthawi zonse. Mlandu ankaukankhira a injiniyaringi, kenako kuzima kwa magetsi. Mwina zinalidi choncho, koma uthenga umodzi pa WhatsApp sufuna magetsi ambiri. Mtengo woyamba anaunena asanatsitse hedi, ndipo unakwera ndithu atapeza za magayidi. Izi ndinazimvetsa, koma ndinazimva magayidiwo atagulidwa kale. Galimoto ndinaipezanso chiwongolero ndi mpando zili girisi yekhayekha.

Pa masipeya sanandibere. Tinapitira limodzi kukagula enawo, anakana lamba wina wotchipa yemwe wogulitsa ankamuchemerera kuti ndi orijino, ndipo zakale zonse anandiikira m'katoni. Anthu ena ankandiuza kuti ndingogula injini yogwiritsidwa kale ntchito yochokera kunja. Nditawerengera, kukonza kunatsika mtengo, komanso injini yogula yotseka sudziwa kuti lamba wake ndi hedi yake zaona zotani.

Papita miyezi ingapo tsopano. M'mawa wa mu June, kuzizira kwa Lilongwe kuja, imalira kamodzi ndikadikira mahita. Utsi woyera umangotuluka poyamba nkutha, madzi sakuchepa mu radiyeta, ndipo mapiri a ku Dedza ikukwera ndi matumba muvi wa kutentha uli pakati. Nditabwerera kuti akamvetsere kulira kwake ndi kuona ngati pali podontha, sanandilipiritse. Makilomita omwe anasinthira lamba anawalemba ndi penti pa chivundikiro cha tayimingi. Mukapitako, gwirizanani kuti akuimbireni asanagule chilichonse chomwe sichinali pa mtengo woyamba, ndipo galimoto musaiikire ulendo sabata yomwe akulonjezaniyo.