Kutsuka mizu ya dzino: hypochlorite kapena chlorhexidine?

Ambiri mu Blantyre muno dzino likavuta timangothamangira ku Queens kukachotsetsa. Komatu mano ena amapulumuka. Dokotala amaboola, n'kuchotsa mtsempha wakufa, kenako n'kutsuka timipata ta m'mizu. Vuto ndi loti tizilombo monga Enterococcus faecalis timadzikuta ndi zonanda zotchedwa biofilm, zomwe zimamatirira m'makoma momwe zitsulo za dokotala sizifika. Mankhwala otsukira ndiwo amafika kumeneko.

Sodium hypochlorite ndiye mwini bwalo. Ndi yemweyu amapezeka mu Jik, koma wa kwa dokotala amamuyeza mphamvu, kawirikawiri pakati pa 0.5 ndi 6 peresenti. Amapha tizilombo, amasungunula minofu yowola, amasasulanso biofilm yeniyeniyo. Kuipa kwake n'koti akapyola nsonga ya muzu amawotcha minofu, tsaya n'kutupa, ululu wake wosasimbika. Fungo lakenso si lamasewera.

Chlorhexidine wa 2 peresenti ndi wofatsako, ndipo amakakamira pa dzino n'kumaphabe tizilombo dokotala atamaliza kale. Koma sasungunula kanthu. Biofilm imatsala itamatirira pomwepo, ndiye kwa ine uyu ndi wothandizira chabe.

Awiriwa asakumane m'dzino. Akasakanikirana amapanga timatope tofiirira totseka timipata ndi kudetsa dzino, n'chifukwa chake dokotala amayamba watsuka bwino asanathire winayo. Madokotala ambiri akatsuka ndi hypochlorite amatsukanso ndi mankhwala ena otchedwa EDTA wa 17 peresenti, yemwe amachotsa phulusa lotsala popala makoma a muzu.