Wodi ya ana odwala khansa ku Gulupu: zimene imachita bwino ndi zimene imasiyira abale ndi mpingo

Mwana wa m'chigawo cha kummwera akapezeka ndi chotupa chosamva mankhwala, ulendo wake umakathera ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chomwe ambiri amangoti ku Gulupu. Kumeneko kuli wodi ya ana odwala khansa, yodziwika ndi dzina loti Sobo. A m'chigawo chapakati ambiri amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Chiweruzo chathu pa wodi ya ku Gulupuyi n'chakuti mbali ya mankhwala imagwiridwa bwino, ndipo salipiritsa. Pamene ana ambiri amatayikira ndi kumudzi, pakati pa ulendo wina ndi unzake, kumene adokotala safikako koma abusa, ashehe ndi amalume amafikako.

Chimene wodiyi imadziwa kuposa zonse ndi Burkitt lymphoma, khansa imene imagwira ana ambiri kuno kwathu, makamaka kumadera a malungo. Imatupitsa tsaya mpaka mano kugwedera, kapena kufufumitsa mimba, ndipo imakula mwa masiku ochepa chabe. N'chifukwa chake anthu amathamangira kunena kuti mwana wamulodza. Koma imamvanso mankhwala msanga. Pambuyo pa sikani ndi kutenga timadzi ta m'chotupa ndi singano kuti akayeze, mwana amayamba kulandira cyclophosphamide, vincristine, prednisolone ndi methotrexate, ena kudzera m'diripi, ena akumwa, ena pa jakisoni wa pamsana. Jakisoni wa pamsanayu makolo amamuopa kwambiri, koma ndi wofunika, chifukwa mankhwala a m'diripi safika mokwanira m'madzi ozungulira ubongo, kumene khansayi imatha kubisala. Masiku oyamba mwana amamuthira madiripi ambiri ndi kumupatsa allopurinol. Musaone ngati akungomudzaza madzi. Chotupa chikamasungunuka mofulumira chimataya zinyalala m'magazi zimene zingatseke impso, ndipo anamwino akamafunsa kuti wakodza kangati, ayankheni zoona.

Kwa mwana wa chotupa cha mu impso, chotchedwa Wilms, amayamba ndi mankhwala kwa masabata angapo kuti chiphwe, kenaka opaleshoni, kenaka mankhwala enanso. Apa Gulupu ili ndi mwayi chifukwa pabwalo lomwelo pali Mercy James Centre, yomwe idatsegulidwa mu 2017, kumene kuli madokotala a opaleshoni ya ana ndi chipinda cha odwala mwakayakaya. Khansa ya m'magazi ndiye yotopetsa, chithandizo chake chimatha zaka ziwiri kapena kupitirira.

Zovuta za pawodi n'zimene aliyense wodikirira wodwala pa chipatala chachikulu cha boma amazidziwa: anthu ndi ambiri, anamwino ndi ochepa, zotsatira za zoyeza nthawi zina zimachedwa. Chotero wodikirira akhale maso. Pamene pali kanyula pakatupa kapena mwana akalira kuti pakuwotcha pomwe mankhwala akulowa, itanani anamwino nthawi yomweyo. Vincristine akathawira kunja kwa mtsempha amawotcha mnofu n'kusiya bala lovuta kupola. Ndipo musatuluke pawodi musanaone ndi maso anu tsiku lobwereranso litalembedwa m'buku la kuchipatala. Ngati wodikirira sadziwa kuwerenga, tsikulo alitumize pafoni kwa munthu wa kumpingo amene angalisunge.

Cholakwika chachikulu chimachitika zinthu zikayamba kuyenda bwino. Mwana wa Burkitt akalandira mankhwala kamodzi kapena kawiri, tsaya limaphwa, amayamba kudya ndi kusewera. Kumudzi amaimba nyimbo zoyamika, ku tchalitchi amapereka umboni, ndiye tsiku lobwerera likafika pamakhala mawu akuti, "Nanga mwana wachira kale, mukukatayanso ndalama za thiransipoti chifukwa chiyani?" Chimene chaphwa ndi chooneka ndi maso. Zotsalira zikaphukanso sizimvanso mankhwala ngati poyamba. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati m'mayiko olemera ana oposa 80 mwa 100 alionse odwala khansa amachira, pamene m'mayiko ambiri osauka safika 30, ndipo kufika mochedwa ndi kusiyira mankhwala panjira ndi zina mwa zifukwa zikuluzikulu. Kuyamika Mulungu n'koyenera, koma umboni udikire mpaka adokotala atanena kuti mankhwala atha.

Tsono mpingo ungathandize bwanji? Amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Dorika, a m'mphakati ndi a Dawa amadziwa kale kuzonda odwala, ndipo shuga ndi sopo zomwe amanyamula sizipita pachabe. Koma ndalama yofunika koposa ndi ya minibasi ya anthu awiri, kupita ndi kubwerera, kuchulukitsa ndi maulendo onse amene alembedwa. Iwerengedwe pachiyambi pomwe, isungidwe ndi msungichuma, izitumizidwa pa Mpamba kapena Airtel Money kutatsala tsiku limodzi. Ikaperekedwa yonse pakamodzi imathera pa ufa, ndipo palibe amene angawadzudzule makolowo. Banja lifunsenso pawodi ngati pali thandizo la thiransipoti, popeza mabungwe monga World Child Cancer akhala akuthandiza wodiyi. Chachiwiri ndi munda ndi ana otsala. Mayi amene akuganiza za chimanga chosapalira ndi ana ogona ndi njala amapempha yekha kuti mwana wodwalayo amutulutse m'chipatala. Achinyamata a mumpingo akapalira mundawo, amusunga mwana pa mankhwala.

Chachitatu ndi magazi. Ana amenewa amathiridwa magazi kawirikawiri. A Malawi Blood Transfusion Service amalandira magazi kwa anthu athanzi a zaka 16 mpaka 65, ndipo amatha kubwera pa tchalitchi kapena pa mzikiti akaitanidwa. Magaziwo sapita kwa mwana wanuyo mwachindunji, amakalowa mosungira, koma n'komweko wodi imatapa.

Pali zina zimene chikondi chimalakwitsa. Pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 chilandirireni mankhwala, asilikali a m'thupi amakhala atatsika kwambiri. Nthawi imeneyi si yodzaza nyumba ndi kwaya kapena kupita naye ku mapemphero a usiku wonse. Abwere awiri kapena atatu, asambe m'manja ndi sopo, apemphere pakhonde. Wachimfine asalowe, ndipo pakhomo pamene pali katsabola kapena chikuku mwana asayandikirepo. Mwanayo asasale kudya ngakhale mpingo wonse ukusala. Apatsidwe phala la nsinjiro, mazira ophika bwino, mkaka ndi chiponde cha kuchipatala ngati wapatsidwa. Mphini ndiye ayi ndithu, pakuti magazi ake saundana msanga ndipo bala laling'ono limalowetsa matenda. Zitsamba zakumwa zimalemetsa chiwindi ndi impso zomwe zikulimbana kale ndi mankhwala. Madzi odalitsidwa, ngati banja likuwafuna, akhale owiritsa.

Thupi likatentha kufika pa madigiri 38, kapena ngati mulibe choyezera koma mwana watentha ndi kufooka, musamupatse panado n'kudikira kuti kuche. Pitani ku chipatala chapafupi usiku womwewo ndi buku lake, ndipo munene momveka: "Adokotala, mwanayu akulandira mankhwala a khansa ku Queens." Mawu amenewa amasintha zimene achite. Kuyeza malungo kokha sikukwanira, mwana wotere amafunika mankhwala amphamvu opha tizilombo mwachangu. Aspirin ndi brufen musamupatse. Zilonda za m'kamwa, zimene methotrexate amabweretsa, muzitsuke ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere m'kapu ya madzi owiritsa atazizira, kangapo patsiku. Kuthothoka tsitsi ndi kunenepa nkhope chifukwa cha prednisolone zimatha zokha.

Mbali imene timaiyamikira kwambiri ndi ya Umodzi, gulu la pachipatala pomwepo losamalira ana a matenda aakulu ndi mabanja awo. Amakhala pansi ndi makolo n'kufotokoza m'Chichewa, amachepetsa ululu, ndipo mwana amene sangachire samangomutaya. Makolo ena amakana morphine wakumwa poganiza kuti ndi mankhwala otsanzikira. Ayi, ndi othetsa ululu, amaperekedwa maola anayi alionse mwa muyezo wolembedwa, ndipo vuto lake lodziwika ndi kudzimbidwa, choncho pemphani mankhwala ofewetsa m'mimba pamodzi naye. Abusa kapena ashehe amene banja limawakhulupirira angachite bwino kukhalapo pa zokambirana zoterezi ngati makolo avomera, kuti zimene akanene kumudzi zisasiyane ndi zimene zanenedwa pawodi.