Miyezi 14 ndi galimoto yamagetsi: nkhani yagona pomwe galimotoyo imagona usiku

Mwezi uno ndakwanitsa miyezi 14 ndikuyenda pa galimoto yamagetsi, ndipo ndayendapo makilomita opitirira pang'ono 19,000. Ndinaigula yoyendapo kale, ya zaka zinayi, batire lake losunga mayunitsi a magetsi 40. Chinandikankha ndi mafuta. Kuchokera mu 2022, pomwe nkhondo ya Russia ndi Ukraine inakweza mtengo wa mafuta osayenga mpaka kupitirira madola 120 pa mgolo umodzi, ndalama ya petulo inayamba kudya malipiro anga mwezi usanafike pakati. Anzanga akandifunsa ngati ndikupindula, ndimavomera. Koma akati nawonso akufuna kugula, ndimayamba ndawafunsa kuti galimoto yawo imagona kuti usiku, chifukwa zonse zomwe ndaona pa miyezi imeneyi zikubwerera pa funso limeneli.

Yanga imagona pakhomo, pafupi ndi khoma lomwe lili ndi magetsi. Miyezi itatu yoyamba ndinkatchajira pa soketi wamba ndi chingwe chomwe chinabwera ndi galimotoyo. Soketi yotere imapereka mayunitsi awiri ndi pang'ono pa ola, choncho kuchotsa batire pa 20 peresenti kukafika pa 80 kunkatenga maola pafupifupi 12. Ndikalumikiza madzulo, m'mawa ndinkapeza zatheka. Tsiku lina pozula pulagi ndinamva kutentha m'manja, ndipo nditayang'anitsitsa ndinaona kuti pulasitiki ya soketi yayamba kufiira. Ndinachita mantha. Soketi ya m'nyumba inapangidwira ketulo yowira mphindi zisanu, osati katundu wokoka magetsi ochuluka usiku wonse osapuma. Ndinaitana mmisiri wa zamagetsi, anakoka waya wakewake kuchokera pa bokosi lalikulu, naikapo chodulira chake ndi makina otchajira apakhoma. Tsopano ntchito ya maola 12 ija imatha m'maola anayi. Ngati mungagule galimoto yotere, ndalama ya mmisiriyu muiwerengere pamodzi ndi mtengo wa galimoto, ndipo chingwe cholumikiza chija timakokera wailesi panja musachiyandikize n'komwe.

Masamu ake ndi awa. Galimoto yanga yakale inkamwa malita 7 pa makilomita 100. Iyi imalemba kuti ikudya mayunitsi 16 pa mtunda womwewo, koma mita ya m'nyumba imanena 18, popeza magetsi ena amatayika ngati kutentha potchaja. Muzikhulupirira mita, ndiyo mumalipira. Pa makilomita 19,000, yakale ija ikanamwa malita 1,330, pomwe iyi yadya mayunitsi pafupifupi 3,400. Tengani mtengo wa malita 7 kwanuko, muyerekeze ndi wa mayunitsi 18, mudzionere nokha. Kwa ine ndalama yoyendera yatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo atatu a yomwe ndinkawononga. Palibe zamatsenga apa. Lita imodzi ya petulo ili ndi mphamvu yofanana ndi mayunitsi pafupifupi 9, kutanthauza kuti malita 7 aja ndi mayunitsi opitirira 60, koma injini imataya mbali yaikulu ya mphamvuyo ngati kutentha kudzera mu rediyeta ndi mu ekizozi. Mota yamagetsi imataya zochepa kwambiri.

Phindu limeneli ndi la munthu wotchajira kunyumba. Pa makina otchajira othamanga a m'misewu ndakhala ndikulipira kawiri, nthawi zina katatu, kuposa yunitsi ya kunyumba, ndipo pamenepo kusiyana ndi petulo kumangotsala pang'ono.

M'tauni galimotoyi imandisangalatsa kwambiri. Ilibe magiya osintha, imanyamuka nthawi yomweyo mukangoponda, ndipo pamzere wa magalimoto siidya kanthu ikaima. Mukachotsa phazi, mota imasanduka jenereta, galimoto imachepetsa liwiro n'kubwezera magetsi mu batire. Ndimayenda makilomita 45 pa tsiku, ndipo batire lodzaza limandipatsa pafupifupi 220, ndiye kuti masiku anayi osatchaja. N'chifukwa chake kuzima kwa magetsi sikunandivutitse monga ndinkaopera. Akazima usiku umodzi, mawa ndimayendabe. Chomwe ndinaphunzira n'choti ndisamadikire kuti batire litsike kwambiri: magetsi akakhalapo, ndilumikize. Kamodzi kokha anazima masiku awiri batire lili pa 30 peresenti, ndipo tsiku lachitatu ndinapita kuntchito pa basi.

Ulendo wautali ndi nkhani ina, ndipo pano ndikhalitsapo chifukwa ogulitsa sakonda kuikamba. Mwezi wachisanu ndi chitatu tinanyamuka banja lonse ulendo wa makilomita 480, womwe kale tinkauyenda maola asanu ndi limodzi. Tinatenga maola pafupifupi asanu ndi anayi. Choyamba, liwiro limadya batire moopsa. Mphepo yomwe galimoto imalimbana nayo imakula kanayi liwiro likawirikiza kawiri, choncho pa makilomita 110 pa ola, ndi katundu komanso choziziritsira chili choyatsa, 220 ija inasanduka 160. Poima koyamba zinayenda bwino: mphindi 40 pa makina a 50 kW (otha kupereka mayunitsi 50 pa ola), tinafika pa 80 peresenti. Kupitirira pamenepo galimoto imachepetsa yokha kulandira magetsi pofuna kuteteza batire, ndiye kudikira 100 ndi kutaya nthawi. Malo achiwiri tinapeza makina ali chete, ngakhale pa foni ankaoneka kuti ndi amoyo. Tinayenda pang'onopang'ono makilomita ena 30, choziziritsira titazimitsa, mwana akulira ndi kutentha, maso anga ali pa nambala yomwe inkangotsika. Tinafika ndi 6 peresenti. Kumeneko makina anali bwino, koma batire linali litatentha ndi ulendo komanso kutchaja koyamba kuja, ndipo linkalandira theka la mphamvu yomwe linalandira m'mawa. Mabatire ena amaziziritsidwa ndi madzi oyenda m'timapaipi. Langa limangodalira mpweya. Pogula sindinafunse zimenezi, ndipo kulakwa kumeneko ndi kwanga.

Palinso nkhani ya mapulagi. Yanga imalandira mtundu wa CHAdeMO, womwe unachokera ku Japan, pomwe makina ambiri atsopano m'maiko ochuluka akuikidwa a CCS. Mungafike pamalo pali makina anayi, n'kupeza kuti wokwana pa galimoto yanu ndi umodzi, ndipo pali kale munthu. Musanagule, fufuzani mtundu womwe uli m'misewu yomwe inuyo mumayenda.

Za sevisi ndilibe zambiri zonena, ndipo ndiko kukoma kwake. Palibe oyilo wa injini, mapulagi a moto, kilatchi kapena lamba wa injini. Mabuleki akadali omwe ndinagula nawo. Matayala akutsogolo ndiwo anatha msanga, chifukwa galimotoyi ndi yolemera ndipo kunyamuka kwake kumakopa phazi. Chomwe chinandidzidzimutsa ndi kabatire kakang'ono ka mavoti 12, kofanana ndi ka galimoto ina iliyonse. Katafooka, galimoto inakana kuyaka ngakhale batire lalikulu linali lodzaza, poti kabatire kameneka ndiko kamadzutsa kompyuta ndi kulumikiza lalikulu lija. Ndinasintha, nkhani inatha. Koma mawaya a mtundu wa lalanje omwe ali pansi pa boneti amanyamula mavoti pafupifupi 400, okwana kupha munthu. Makaniko yemwe sanaphunzire za galimoto zimenezi asawakhudze, ngakhale akhale amene mwamudalira zaka zambiri.

Funso lomwe aliyense amafunsa ndi la kukalamba kwa batire. Pogula ndinalumikiza kachipangizo koyezera galimoto ka OBD2 ndipo kanasonyeza kuti latsala ndi 88 peresenti ya mphamvu yomwe linali nayo lili latsopano. Lero lili pa 86. Masiku wamba ndimalekeza pa 80, sindilisiya lodzaza padzuwa, ndipo makina othamanga ndimawagwiritsa ntchito pa ulendo pokha. Makampani ambiri amalonjeza batire kwa zaka 8 kapena makilomita 160,000, choncho pogula yakale funsani zaka zomwe zatsala pa lonjezolo, ndipo wogulitsa akakana kuti muyeze batire, chokanipo.

Anthu amakonda kutchula Norway, komwe mu 2024 galimoto zatsopano pafupifupi 9 mwa 10 zilizonse zinali zamagetsi. Ndi zoona, koma kumeneko boma linachotsa misonkho yambiri pa galimotozi kwa zaka zambiri, magetsi awo pafupifupi onse ndi amadzi, ndipo malo otchajira ali ponseponse. Munthu asagule poona Norway, agule poona khomo lake.

Mnzanga wina amachita lendi pa nyumba yosanja ndipo galimoto yake imagona mumsewu. Mafuta amupweteka monga anandipwetekera ine, ndipo anabwera atatsimikiza mtima. Tinakhala pansi n'kuwerenga limodzi, tinapeza kuti potchajira m'misewu mokha angapulumutse zochepa kwambiri, kwinaku akutaya maola awiri kapena atatu sabata iliyonse podikira. Ndinamuuza kuti ayambe wakambirana ndi eni nyumba kapena abwana ake za soketi yoyenera, ndipo zikakanika aganize za haibulidi, galimoto yokhala ndi injini ya petulo komanso mota yamagetsi. Ine yangayi sindigulitsa. Ndikadzasintha ndidzafuna ya batire lokulirapo, loziziritsidwa ndi madzi, ndi pulagi ya CCS. Ulendo wa makilomita 480 uja tikuubwereza mwezi wamawa, ndipo ndalemba kale malo awiri otchajira pa chigawo chilichonse cha msewu, kuti ena akakhala akufa tisadzafikenso ndi 6 peresenti.