Khirisimasi: kumudzi kapena m'tauni?

Disembala akafika, ambiri ogwira ntchito ku Lilongwe ndi ku Blantyre amasinkhasinkha: apite kwa makolo kapena akondwerere komwe ali?

Ndalama. Ulendo wakumudzi umafuna ya basi, mpunga, shuga, sopo ndi chitenje cha agogo. M'tauni ya basi mulibe, koma alendo ndi zakumwa zimatha ndalama mosazindikira, pomwe Januwale akudikira ndi fizi ndi feteleza wobereketsa.

Mapemphero. Kumudzi pa 25 Disembala mumaponda matope limodzi ndi makolo kupita kutchalitchi, ana nkuchita sewero la abusa a pa Luka 2. M'tauni tchalitchi chili pafupi, koma phokoso la mabala limalanda mtima msanga.

Banja. Apa ine ndimakondera kumudzi. Nkhuku imodzi imagawidwa pakati pa ana khumi, amasiye omwe, ndipo nkhani ya Mwana wogonekedwa modyera ziweto ku Betelehemu imamveka bwino khola la mbuzi lili kuseri kwa nyumba.

Kumudzi kuyenera amene makolo awo akalamba. M'tauni muyenera anamwino, alonda ndi ena osapuma ntchito. Iwowa aitane mnansi wosowa wodya naye.