Kamera yam'tchire ili bwino, koma banyira wa kusitolo musamutenge

Ndemanga iyi ndi ya kamera zija zomangirira pamtengo, zojambula zokha nyama ikamadutsa, zamawanga obiriwira, zolowa mabatire 8 a AA, zimene zadzaza m'magulu amalonda a pa WhatsApp kuno ku Mzuzu. Mtengo wake mukuudziwa kale, si wamasewera. Kamerayo ndikuipatsa nyenyezi zinayi. Sitolo ya m'tauni muno imene inandigulitsa siyenera kulandira ngakhale imodzi.

Mlandu wonse uli pa banyira. Mnyamata wa pakauntala amakuponyera m'bokosi mabatire 8 ndi memori khadi yolembedwa 64GB, n'kumakuuza kuti ukangofika kumunda uyatse basi. Mabatirewo ndi otchipa aja a m'wailesi ndi m'tochi, a mtundu wa zinc-carbon. Masana kamera imadya moto wochepa, ndiye zithunzi zimatuluka bwinobwino, munthu n'kumati zonse zili m'malo. Usiku ndi nkhani ina. Timagetsi ta infrared takutsogolo, towalitsira kamera mumdima, timafuna moto wambiri nthawi imodzi, batire lofooka limagwa pomwepo, kamera n'kuzima kapena kusunga chithunzi chakuda bii. Ikadzuka, deti ndi nthawi zimakhala zabwerera za kufakitale. Ukatsegula khadi umapeza udzu wa masana wokhawokha ndi mdima wa usiku, chonsecho nguluwe ndi nungu zimene unagulira kamera zimayenda usiku womwewo.

Khadi nayo ili ndi milandu iwiri. Kabuku ka m'bokosi kakunena poyera kuti kamera iyi imalandira khadi yosapitirira 32GB, chifukwa imawerenga kasanjidwe ka mafayilo kotchedwa FAT32, pamene makhadi a 64GB amabwera ali pa kena kotchedwa exFAT. Wachiwiri ndi woipa kwambiri: khadiyo ndi yachinyengo. Imalemba mpaka kadanga kake kenikeni kadzadze, kenako mayina a zithunzi amaoneka pa kompyuta koma zithunzizo sizitseguka. Aliyense angathe kudziyezera yekha ndi pulogalamu yaulere ya H2testw, imene imadzaza khadi yonse n'kuiwerenganso.

Kubwerera nazo kusitolo ndiye kumene kumapsetsa mtima. Mnyamata uja sanatsegule n'komwe bokosi. Anangoti, "Bwana, mwalowetsa madzi imeneyi," pamene mkati muli gwaa, mphira wa pachitseko uli bwino. Eni sitolo akuti ali paulendo, ndipo nthawi zonse amakhala ali paulendo. Risiti akukuloza pamene alemba kuti katundu akatuluka sabwerera. Kenako akukutulutsira mabatire otchaja kuti uwonjezere ndalama, ati amenewa ndiye athetsa vuto. Sathetsa. Batire lotchaja la NiMH limapereka 1.2V pamene la alkaline limapereka 1.5V. Kamera iyi imagwira ntchito pa 6V, yomwe ndi mabatire anayi a alkaline akalumikizana, ndiye anayi otchaja akalumikizana amangofika 4.8V. Imawaona ngati atsala pang'ono kutha ngakhale angochoka kumene pa chaja, ndipo imasiya msanga kuwalitsa usiku. Anthu akugulitsa chinthu chimene kabuku kake sanawerengepo, koma kuyankha mwamwano ndiye akudziwa.

Koma tinene chilungamo, kamerayo payokha ilibe mlandu. Ukaika mabatire 8 atsopano a alkaline a kampani imodzi, ndi khadi yeniyeni ya 32GB ya Class 10, n'kuichita format m'kamera momwemo osati pa kompyuta, umaona ngati wagula ina. Mabatire a lithium ndiwo amapirira kwambiri kuzizira kwa Juni ndi Julaye, kungoti m'tauni muno sapezekapezeka ndipo ndi odula. Musasakanize akale ndi atsopano, chifukwa lofookalo limakoka anzake ndipo limatha kuchucha n'kudya tizitsulo ta mkati.

Pabokosi alemba kuti imajambula pa masekondi 0.3 chinthu chikangodutsa. Nyama yoyenda pang'onopang'ono imagwidwa yathunthu, koma gwape wothamanga umangoona miyendo yakumbuyo. Za 48MP zija, zoyezera kukula kwa chithunzi, ndi zokometsera malonda, kamera imangofufumitsa chithunzi chaching'ono. Ikani pa 8MP kapena 12MP, kuoneka kwake n'chimodzimodzi ndipo khadi sidzaza msanga. Mamita 20 a usiku amene akulonjeza, dziwani kuti nyama imazindikirika bwino pa theka la mtunda umenewo, kupitirira apo ndi maso owala okha. Timagetsi take ndi ta 850nm, timene timafiira pang'ono tikayaka. Gwape amaima n'kuyang'ana, nguluwe sizilabadira, koma munthu woyenda usiku amaona. Amene akuopa akuba asake ya 940nm, yosaoneka ikayaka, ngakhale zithunzi zake zimaderako.

Madandaulo ambiri a kamera zimenezi amachokera pa kamangidwe. Sensa yake ya PIR imamva kutentha kumene kukusuntha modutsa kutsogolo kwake, choncho nyama yobwera molunjika imachedwa kuimva. Musaiyang'anitse m'njira ya nyama mwachindunji, ipendekeni madigiri 45 kuti nyama ikhalitse m'chithunzi. Kwa gwape, nungu ndi nguluwe, mangani pa msinkhu wa bondo, masentimita 40 mpaka 50 kuchokera pansi, mamita atatu kapena anayi kuchokera panjirayo. Isayang'ane kum'mawa kapena kumadzulo, dzuwa limaiputa n'kuyeretsa chithunzi. Kuno tili kummwera kwa equator, miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto, ndiye kuyang'anitsa kummwera ndiko kwabwino. Tchetchani udzu ndi tinthambi tonse takutsogolo. Tsamba limodzi lotenthedwa ndi dzuwa likamagwedezeka ndi mphepo limatha kudzaza khadi ndi kumaliza mabatire. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene kunja kwatentha mofanana ndi thupi la nyama, sensa imachita ulesi, ndiye ikwezeni pa High. Nyengo yozizira Normal imakwana. Zithunzi zitatu motsatizana ndi kupuma kwa masekondi 30 ndiko kumasunga moto. Vidiyo ya usiku ndi imene imaonetsa khalidwe la nyama, koma isapitirire masekondi 15 chifukwa timagetsi timayaka nthawi yonseyo.

Pa mvula ya ku Mzuzu ndiye yandidabwitsa. Alemba IP66, chizindikiro chakuti silowa madzi ndi fumbi, ndipo sananame, mvula yamphamvu siilowa. Chimene chimalowa ndi chinyontho. Ukaitsegula m'mamawa kuli nkhungu, umatsekera mpweya wonyowa mkati, kukazizira galasi limachita thukuta chamkati, zithunzi n'kumatuluka mbuu. Tsegulani masana kukawala, pukutani mphira wa pachitseko, ndipo ikani mkati timapaketi tiwiri ta silica gel tija topezeka m'mabokosi a nsapato. Kachivindikiro ka mphira kapansi, potulukira waya wa 6V, kazikhala kotseka, apo ayi nyerere zimanga mudzi mkatimo.

Kamera imene ndikunenayi ili m'mphepete mwa munda woyandikana ndi nkhalango ya Kaning'ina, ndipo yathetsa mkangano wa amene amamaliza chinangwa. Nguluwe zimabwera m'kagulu usiku kwambiri, zimalowera mpata umodzimodzi, n'kufukula malo aakulu. Nungu amadza yekha kapena awiri, amakumba kadzenje pambali pa phata n'kudya mizu, mtengo n'kutsala chiimire mpaka kufota, kumene anthu ankati ndi ntchito ya akuba. Gwape amaoneka mbandakucha ndi chisisira. Apusi ndi a masana, ndipo akaiona kamerayo amaigwiragwira mpaka kuitembenuzira kumwamba. Nthawi yolembedwa pansi pa chithunzi ndiyo imakuuza ola loyenera kulondera, n'chifukwa chake muziona deti nthawi iliyonse mwasintha mabatire. Lamba womangira kamerayo ndi wofooka ndipo amaduka ndi chikwanje kamodzi, onjezerani waya ndi loko. Mukafuna kuimanga mkati mwa nkhalango yotetezedwa yambani mwapempha ku ofesi ya zankhalango, ndipo ku Nyika kapena ku Vwaza chilolezo ndi cha a Parks and Wildlife. Zithunzi mukaika pa Facebook musatchule malo enieni, otchera misampha nawonso ali ndi mafoni.

Ogula mawa, pitani ndi mabatire anu ndi khadi yanu. Musanalipire, iyatseni pomwepo, iikeni m'kabati kapena m'katoni yotseka kuti iganize kuti kwada, yendetsani dzanja kutsogolo kwake, kenako onani ngati chithunzi cha usiku chatuluka. Achimwene a pakauntala akakana kuti muyese, ndalama zanu zisatuluke m'thumba.